MWAMBO WA KUTSAZIKANA KWA ANA A FOLOMU 4 KU MASAMBANJATI

Mau amene ananenedwa pa Msonkhano wa Pachaka wa Bungwe, nalembedwa muno monga mamembala anapempha.



Nkhani imene yaikidwa pamaso panu lero ikhoza kuoneka yaing'ono poilinganiza ndi nkhani za malo, za miseu ndi za mtengo wa feteleza, zimene Bungwe limakamba chaka ndi chaka. Ndiyo nkhani ya tsiku limodzi, tsiku limene ana a Folomu 4 pa sukulu ya sekondale ya ku Masambanjati, ndi pa sukulu zina zazing'ono za m'boma lino la Thyolo, amatsazikana ndi aphunzitsi ao ndi anzao. Koma tsiku limodzi limenelo limadya ndalama za miyezi yambiri, limakondweretsa mabanja ena ndi kuchititsa ena manyazi, ndipo likapita, ana aja amabalalika, osadziwikanso kumene alowera. Chifukwa chache nkoyenera kuti akulu alipime bwino, aone chimene chili chokoma m'menemo kuti chisungidwe, ndi chimene chili chopweteka kuti chikonzedwe.

KUMENE SUKULU ZIMENEZI ZACHOKERA

Munthu sangamvetse chimwemwe cha tsikuli ngati sadziwa njira imene anthu a kuno anayenda kuti mwana wao afike Folomu 4.

Dziko lino, limene Azungu ankalilemba kuti Cholo, linali la Amang'anja. Kuyambira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alomwe ambiri anaoloka malire kuchokera ku dziko la Apwitikizi, pothawa msonkho ndi nchito ya kalavula gaga, nadzapeza kuti nthaka yabwino inali itagwa kale m'manja mwa eni maesiteti. Anapatsidwa pokhala, koma pa pangano la thangata: munthu ankagwira nchito kwa mwini malo m'malo mwa lendi, ndipo nchitoyo inkafunidwa nthawi ya dzinja, pamene munda wache womwe unali kulira khasu. Tiyi anayamba kubzalidwa m'boma lino m'chaka cha 1908 ku Bandanga, ndipo pambuyo pache panadza maesiteti ena monga Satemwa, amene anayamba m'chaka cha 1923, Conforzi, Naming'omba ndi Makwasa. Pa malo otere mwana ankawerengedwa monga dzanja lina lothandiza kupalira ndi kuthyola masamba, ndipo za kuti akhale pansi ndi buku sizinali m'maganizo a eni minda.

Amene anatsegula khomo ndiwo amishoni. Mishoni ya Malamulo, pafupi ndi Makwasa, inayamba m'manja mwa mpingo wa Seventh-day Adventist m'chaka cha 1902, niphunzitsa aphunzitsi ndi othandiza m'chipatala, ndipo mipingo ina inamanga sukulu za m'midzi. Koma sukulu za sekondale zinachedwa ndithu. M'dziko lonse la Nyasaland yoyamba inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1940, yachiwiri ku Zomba m'chaka cha 1942, ndipo ya Boma ku Dedza m'chaka cha 1951. Mnyamata wa kuno amene anapeza malo pa imodzi ya zitatuzi anali ngati dzira la nkhanga lotoledwa pa thengo. Mudzi wonse unkamperekeza, ndipo asungwana otere anali osowa koposa.

M'mwezi wa August 1953 m'boma lino munabuka chipolowe chifukwa cha kudandaula kwa anthu pa za malo ndi za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Thangata anathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962, ufulu unadza pa 6 July 1964, ndipo Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ache oyamba m'chaka cha 1965. M'chaka cha 1994 Boma linachotsa fizi ku pulaimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Khamu limenelo litafika Sitandade 8 linafuna kolowera, ndipo cha m'ma 1998 malo a maphunziro a pa kalata a MCDE anasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera, zimene zitchedwa CDSS. Kenaka m'chaka cha 2014 yunivesite ya MUST inatsegulidwa ku Ndata, m'boma lomwe lino.

Chotero nkhalamba imene ibvala chitenje chatsopano kukaona mdzukulu wache akutsazika sukulu, mwina ndi mwana wa munthu amene anagwira thangata. Misozi yache pa tsikulo ili ndi chifukwa.

ZIMENE ANA AMAKUMBUKIRA

Pa sukulu yaikulu ya m'tauni mwana akhoza kutha zaka zinai osadziwa dzina la mnzache wa m'kalasi lina. Pa sukulu yaing'ono ya kumudzi sizitero. Ana amadziwana maina, midzi ndi makolo. Amadziwa amene bambo wache ndi kapitao pa esiteti, amene amai ache amagulitsa zitumbuwa pa msika, ndi amene akuleredwa ndi agogo. Chifukwa chache zokumbukira zao nzolukana ngati nsungwi za dengu, ndipo kutsazikana kwao kumakhala kowawa.

Choyamba chimene amakumbukira ndi njira. Masambanjati ali kummwera kwa boma la Thyolo, kupitirira Makwasa, m'dziko la zitunda ndi zigwa. Mwana woyendera amadzuka tambala woyamba, natsika ndi kukwera, nadutsa m'mphepete mwa minda ya tiyi mame ali thoo, ndipo m'miyezi ya June ndi July, pamene chiperoni chikuta mapiri, amafika m'kalasi zala zitauma kotero kuti cholembera sichigwirika. Nthawi ya dzinja mitsinje imadzaza, ndipo makope amakulungidwa m'pepala la pulasitiki ndi kusenzedwa pamutu. Amene kwao nkutali koposa amachita lendi tinyumba pafupi ndi sukulu, namadziphikira okha, kumene ana amati selofu. Ameneo amakumbukira tsiku limene ufa unatha pakati pa mwezi, ndi mnzao amene anagawana nao mbale yache osawerengera. Amene anagonera pa sukulu amakumbukira mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, belu la m'mamawa, ndi mantha a sabata yoyamba ya Folomu 1, pamene akulu-akulu a makalasi apamwamba ankawatuma ndi kuwaseka.

Chachiwiri ndi fizi. Nchito ya pa esiteti imachuluka kuyambira December kufikira cha m'ma April, pamene tiyi akuphuka; mvula ikaleka, anchito ambiri a nyengo amapumitsidwa. Koma chaka cha sukulu chimayamba m'mwezi wa September, pamene m'thumba mwa kholo muli mbee. Kale nthochi ndizo zinkatseka mpata umenewu, pakuti dera la Masambanjati, Molere ndi Thekerani linali nkhokwe ya nthochi, ndipo malole ankanyamula mikoko kupita nayo ku Limbe ndi ku Blantyre. Matenda a chisaka atafalikira, minda yambiri inazulidwa, ndipo mabanja ambiri anataya chuma chimene chinkaphunzitsa ana. Motero pafupifupi mwana aliyense wa Folomu 4 ali ndi nkhani ya tsiku limene anabwezedwa kunyumba kukatenga ndalama, ya mbuzi imene inagulitsidwa, ya ganyu wa pa tchuthi, kapena ya malume amene anatumiza kanthu kuchokera ku Joni.

Chachitatu ndi aphunzitsi. Palibe mphunzitsi amene alibe dzina lachinsinsi limene ana anampatsa, lochokera ku mau amene amakonda kubwereza kapena ku kayendedwe kache. Pa sukulu zazing'ono mphunzitsi mmodzi amasenza maphunziro awiri kapena atatu, ndipo pamene palibe chipinda cha sayansi amajambula pa bolodi chida chimene anawo sanachigwirepo. Ana amaona zonsezi. Amadziwa mphunzitsi amene ankabwera Loweruka kudzawaphunzitsa popanda malipiro, ndipo dzina lache silidzachoka m'mitima mwao.

Chachinai ndi masoka amene anagwera dziko iwo ali pa sukulu. M'mwezi wa March 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo m'miyezi imeneyo asungwana ambiri anatenga pakati kapena kukwatiwa. M'mwezi wa November chaka chomwecho mayeso a MSCE anaimitsidwa ali pakati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana analembanso mu January 2021. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anakantha maboma a kummwera, pamodzi ndi Thyolo, napha anthu mazana ambiri, nagwetsa nyumba ndi milatho, ndipo makalasi ambiri anasanduka pogona anthu othawa madzi. Ana a zaka zimenezo akakumana, nkhani zao zimayambira pamenepo.

Chotsiriza, ndipo chimene sichinenedwa mokweza, ndi mipando yopanda anthu. Gulu limene liyamba Folomu 1 silifika lonse ku Folomu 4. Wina anasowa fizi, wina anakwatiwa, wina analowa nchito yothyola tiyi, wina anamwalira. Otsalawo amawadziwa onse ndi maina.

MWAMBO WA TSIKULO

Mwambo wa kutsazikana suyamba pa tsiku la phwando. Umayamba pamene ana a Folomu 4 atula maudindo ao, mtsogoleri wa anyamata ndi wa asungwana napereka nchito kwa a Folomu 3, kuti iwo aone za mabuku zokha. Pambuyo pa mayeso oyeserera kumadza masabata a kuwerenga usiku, ena atabviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisawagwire. M'masiku omwewo mabungwe a mapemphero a pa sukulu, monga SCOM ndi YCS, amakonza mapemphero apadera, ndipo m'matchalitchi ndi m'mizikiti ana olemba mayeso amaitanidwa kuti apemphereredwe. Abale ndi mabwenzi amatumiza makhadi ofunira mwana mafuno abwino, amene ana amawatcha a sakisesi. Kale ankadza pa positi, mphunzitsi nawerenga maina pa mzere wa m'mawa, koma lero mafuno ambiri amadza pa foni.

Tsiku leni-leni, limene ana amalitchula m'Chingerezi kuti graduation, limachitika kawiri-kawiri mayeso atatsala pang'ono kuyamba, pakuti akatha mayeso palibe angawasonkhanitsenso. A Folomu 3 ndiwo amakhala eni nchito: amasesa, amakongoletsa holo kapena pansi pa mtengo ndi maluwa ndi nsalu, natumikira akulu ao, podziwa kuti chaka cha mawa ena adzawatumikira iwo. Makolo amafika ndi mpunga ndi nkhuku m'mabakuli. Mwambo umatsegulidwa ndi pemphero, kwaya imaimba, ana amachita sewero lotsanzira aphunzitsi ao, ndipo pa tsiku lokhali mphunzitsi amaseka naye wina akamtsanzira kayendedwe. Mtsogoleri wa ophunzira amayankhula m'malo mwa anzache, kuthokoza ndi kupepesa pa zimene analakwa. Mphunzitsi wamkulu amalangiza, mlendo wolemekezeka amalangiza, amfumu amalangiza. Kenaka maina amaitanidwa limodzi-limodzi, ndipo mwana akaimirira, amai ache ndi azakhali amathamangira kutsogolo ndi nthungululu, namfupa ndalama ndi mphatso. Wojambula zithunzi amakhala ndi nchito tsiku lonse. Ana amalemberana mau m'makope okumbukirana, ena amasainirana pa malaya a yunifolomu, ndipo madzulo kumakhala gule wa disiko.

Akulu a Bungwe lino akayang'ana bwino adzaona kuti mwambowu si wachilendo kweni-kweni. Pakati pa Alomwe ndi Amang'anja, anamwali akamatuluka ku chinamwali amasambitsidwa, amabvekedwa zatsopano, amalangizidwa pamaso pa anthu, ndipo abale amawafupa. Kuyambira tsiku limenelo mudzi umawayesa akulu. Zomwezo ndizo zichitika pa bwalo la sukulu. Chifukwa chache makolo amene sanaponde m'kalasi amaumva msanga mwambowu, naulemekeza. Koma pali kusiyana kumodzi kumene kuyenera kudetsa nkhawa. Namwali wotuluka ku thezo amabwerera ku mudzi umene uli ndi malo ache omdikira, ndi ankhoswe ndi akulu omuyang'anira. Mwana wotuluka Folomu 4 amalangizidwa tsiku limodzi, ndipo m'mawa mwache palibe amene ali ndi udindo pa iye.

ZIMENE ZAYAMBA KUIPITSA MWAMBOWU

Bvuto loyamba ndi mtengo wache. Chaka ndi chaka phwando likukula. Pamafunika chopereka cha mwana aliyense, suti kapena diresi latsopano, nsapato, kukonza tsitsi, keke, zakumwa, ndipo pena mkanjo wobwereka wonga wa ku yunivesite. Kholo limene limalandira malipiro a pa esiteti, kapena limene lidalira kamunda ka pa phiri, limakatenga katapira kuti mwana wache asanyozeke, ndipo ngongoleyo imakhala ikuluma mpaka nthawi yogula mbeu. Kholo lina, polephera, limangouza mwana kuti akhale kunyumba. Motero mwana amene anapirira zaka zinai, mwina ndiye wanzeru koposa m'kalasi, amabisala pa tsiku limene anayenera kulemekezedwa. Ndipo pa bwalo pomwepo, mwana wamasiye akaitanidwa dzina, pamakhala zii, popanda wothamangira kutsogolo, pamene mnzache wangochoka kumene atakutidwa ndi ndalama. Chilonda chotere mwana amalowa nacho m'chipinda cha mayeso.

Bvuto lachiwiri ndi usiku. Gule akapitirira mpaka mdima, pamalowa anthu amene si a sukulu, pamapezeka kachasu ndi chamba, ndipo asungwana amabwerera kwao usiku m'njira za m'tiyi. Malamulo a dziko, kuyambira m'chaka cha 2015 ndiponso m'kusintha kwa malamulo aakulu m'chaka cha 2017, amaletsa ukwati wa munthu wosafika zaka 18. Ndipo kuyambira m'chaka cha 1993 msungwana amene wabereka amaloledwa kubwerera ku sukulu. Malamulo amenewa ngabwino, koma lamulo siliperekeza mwana kunyumba. Imeneyo ndi nchito ya makolo ndi akulu.

Bvuto lachitatu ndi kubwezera. M'dziko muno mwamveka kangapo za ana otsiriza sukulu amene amaswa magalasi, kuthyola madesiki kapena kuopseza mphunzitsi pa tsiku lotsiriza, pokumbukira chilango cha kale. Amene amalipa ndi ang'ono ao omwe, amene adzakhala pansi chaka cha mawa. Komabe akulu asafulumire kuweruza ana okha. Kawiri-kawiri mkwiyo wotere umakula pamene ana akhala ndi madandaulo a chakudya, a ndalama zimene anapereka, kapena a chilango chosalungama, nasowa khutu lowamvera. Sukulu imene imamva ana ache m'Folomu 2 siopa tsiku lao lotsiriza.

Bvuto lachinai ndilo kuiwala kuti phwando si mayeso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala limene mwana amalandira pa tsiku la phwando ndi umboni chabe wakuti anakhala pa sukulupo. Setifiketi yeni-yeni imachokera ku bungwe la mayeso la MANEB, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1987. Masabata amene amathera pa kusoketsa zobvala ndi kuyeserera magule ndi omwewo amene anayenera kuthera pa masamu.

M'MAWA MWACHE

Nkofunika kuti makolo adziwe mmene mayeso a MSCE amawerengedwera, kuti asanyengedwe ndiponso kuti asataye mtima pachabe. Phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 kufikira 9. Nambala 1 ndi 2 ndiko kupambana kwapamwamba. 3 kufikira 6 ndi kiredi. 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba. 9 ndiko kulephera. Mapointi a mwana amapezeka pophatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene wachita bwino koposa, kotero kuti wochepa mapointi ndiye wapambana, ndipo 6 ndiwo mapeto a kukhoza. Amene walephera Chingerezi salandira setifiketi, ngakhale atakhoza zina zonse. Ndipo wofuna malo ku yunivesite za Boma ayenera kukhala ndi makiredi asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo. Pamenepa ndi pamene ana a kumudzi amagwa kawiri-kawiri, pakuti Chingerezi amachimva m'kalasi mokha, ndipo mabuku owerenga ngosowa.

Zotsatira zimatuluka patapita miyezi ingapo, ndipo miyezi imeneyo ndiyo yoopsa. Mwana amene dzulo anali ndi belu lomuuza nthawi ya chilichonse, lero ali pa khonde, alibe chochita. Boma la Thyolo, pa kalembera wa 2018, linali ndi anthu oposa 700,000, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa tiyi ndi makademiya. Munda wogawira mwana wophunzira palibe. Ochepa amasankhidwa kupita ku yunivesite, ku sukulu za uphunzitsi kapena za unamwino. Ena amalowa kabaza, ena amatsegula kaokala, ena amapita ku Limbe kukafuna ya ulonda kapena ya m'nyumba. Ena amatsata njira ya agogo ao ya ku Joni. Koma agogowo ankapita ndi Wenela pa pangano lolembedwa, pamene ana a lero ambiri amapita opanda mapepala okwanira, nakhala mozemba m'Johannesburg ndi m'mizinda ina. Ndipo ena amatenga dengu, nalowa mu mzere womwewo wa tiyi umene amai ao anathyolamo kuti iwo aphunzire. Nchitoyo njolemekezeka, pakuti ndiyo yadyetsa boma lino zaka zoposa zana. Koma si imene maiyo ankalota pogulitsa mbuzi yache.

Pali makomo ena amene ana ambiri sawadziwa chifukwa palibe wowauza. Bungwe la TEVETA, limene linayamba m'chaka cha 1999, limayang'anira maphunziro a nchito zamanja monga ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi ndi zosoka. Mwana amene sanakhoze bwino akhoza kulembanso mayeso chaka chotsatira. Amene wasankhidwa ku yunivesite akhoza kupempha ngongole ya Boma ya ophunzira. Koma zonsezi zimafuna mafomu, masiku oikika, ndalama yolembetsera, ndipo masiku ano intaneti. Ndipo mwana wa kuseri kwa phiri amamva nthawi itatha kale.

ZIMENE BUNGWE LIPEMPHEDWA KUCHITA

Bungwe lino linakhazikitsidwa kuti lithandize anthu a m'boma lino pa matenda, pa maliro ndi pa mabvuto ena. Pamaliro mamembala sachedwa kusonkha. Nkoyenera kuti changu chomwecho chionekenso pa mwana wamoyo amene waima pa mphambano. Chotero mfundo zisanu ndi imodzi izi ziikidwa pamaso pa msonkhano.

1. Bungwe litumize nthumwi kukakambirana ndi aphunzitsi aakulu ndi makomiti a makolo, kuti chopereka cha phwando chikhale chochepa, chodziwika chaka chikamayamba, ndiponso kuti ana onse abvale yunifolomu yao yochapa bwino. M'yunifolomu mwana wa kapitao ndi mwana wamasiye amafanana.

2. Chakudya chiphikidwe pamodzi, monga amachitira amai pa ukwati ndi pa maliro, kuti pasakhale banja lodyera pa mphasa yache pamene mwana wina akuyang'ana kumbali.

3. Pa mwana aliyense amene alibe kholo lomuimirira, Bungwe lisankhe mai mmodzi ndi bambo mmodzi mwa mamembala, kuti dzina lache likaitanidwa aimirire, aimbe nthungululu, namfupe kuchokera m'thumba la Bungwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

4. Mwambo wonse, pamodzi ndi magule, uzitha dzuwa lisanalowe, ndipo mamembala a m'midzi yozungulira agawane njira zoperekeza asungwana.

5. Pagulidwe buku lalikulu lachikuto cholimba pa sukulu iliyonse, limene gulu lililonse lotsazika lidzalembamo maina ao, midzi yao, ndi zimene akumbukira, osaiwala maina a anzao amene anatsalira m'njira. Chithunzi cha gulu chimatidwe momwemo, ndipo gulu lililonse libzale mitengo pa bwalo la sukulu, pakuti mapiri a kuno ayera. Zithunzi za pa foni zimatayika pamodzi ndi foniyo, buku limakhala. Ndipo buku lomwelo lidzathandiza sukulu kupeza ana ache akale pa tsiku limene idzafuna denga latsopano.

6. Pakhale kagulu ka mamembala atatu kapena anai, makamaka alembi, aphunzitsi ndi anamwino, kamene kadzaitana ana otsiriza sukulu kawiri: kamodzi atangotha mayeso, ndi kamodzi zotsatira zitatuluka. Kaguluka kawauze za masiku olembetsera, kawathandize kulemba mafomu ndi makalata ofunsira nchito, ndipo pamene thumba lilola, kalipirire mayeso mwana amene watsala pang'ono kukhoza kuti ayesenso. Mamembala amene ali ku Blantyre, ku Lilongwe ndi kunja apemphedwe kutumiza mbiri ya malo a nchito ndi a maphunziro.

Msungichuma adzafunsa kuti ndalama zache zichokera kuti. Mfundo yoyamba, yachiwiri ndi yachinai sizifuna ndalama, koma mau ndi miyendo. Yachitatu ndi yachisanu zikhoza kukwanira ndi mtengo wa nkhuku zowerengeka. Yachisanu ndi chimodzi ndiyo yolemera, ndipo mamembala apemphedwa kulingalira za chopereka chapadera kamodzi pa chaka, m'mwezi wa March kapena April, pamene nchito ya tiyi ili pachimake ndipo anthu ali nako kanthu m'manja. Mutu umodzi susenza denga.

A Pampando, makolo a anthu a m'boma lino anagwira thangata osadziwa kulemba dzina lao. Ana ao anaphunzira pansi pa mitengo. Zidzukulu zao lero zikulemba mayeso a Folomu 4 m'dera lao lomwe. Mbadwo uliwonse unasenza gawo lache. Gawo limene latsalira mbadwo uno ndilo kuona kuti pa tsiku lotsazikana pasakhale mwana wobisala chifukwa cha umphawi, ndi kuti atatsazika sukulu apeze akulu omufunsa kumene akupita. Mfundozi zaperekedwa m'manja mwanu kuti msonkhano uzikambirane, uchotsepo ndi kuonjezapo monga kuyenera, ndipo Mlembi alembe chimene chagwirizanidwa.